Pico imangoima VM ikayamba kuwerenga bytecode

VM (virtual machine) yanga yaing'ono, pulogalamu yomwe imawerenga ndi kuyendetsa malamulo otchedwa bytecode, yolembedwa mu C, imayenda bwinobwino pa kompyuta komanso pa tchipi ya STM32F4. Nditaisamutsira pa Raspberry Pi Pico, kabodi ka madola 4 kaja, inkasindikiza mzere woyamba kenako zii. Kanyali ka LED nako kuleka kuphethira.

Poyamba ndinkaganiza kuti RAM yachepa, koma RP2040, tchipi ya pa Pico, ili ndi 264 KB, pamene VM yangayi siidya ngakhale theka. Ndinakulitsa stack, ndinasintha waya wa USB, palibe chinasintha. Masiku awiri anapita choncho.

Chinandithandiza n'kutenga Pico yachiwiri, kuiika debugprobe (pulogalamu yoisandutsa chida chofufuzira vuto pa bodi ina), n'kulumikiza mawaya a SWCLK, SWDIO ndi GND. Nditatsegula OpenOCD ndi gdb, mapulogalamu ofufuzira vuto, ndinapeza purosesa itakakamira mu isr_hardfault, momwe imathawira ikagwa m'vuto lalikulu lotchedwa HardFault. Lamulo la bt mu gdb linandilozera mzere uwu:

val = *(uint32_t *)ip;

Apa ndi pamene panagona nkhani. Opcode yanga, nambala yoimira lamulo mu bytecode, ndi ya baiti imodzi, choncho nambala ya mabaiti 4 yoitsatira imagwera pa adiresi iliyonse. Yomwe inagwetsa bodiyo inkathera ndi 1. Purosesa za x86 (ya pa kompyuta) ndi Cortex-M4 (ya mu STM32F4) zimalolera zimenezi, koma Cortex-M0+ ya mu RP2040 imafuna adiresi yogawika ndi 4, apo ayi HardFault pompo.

Ndinalemba memcpy(&val, ip, 4), yomwe imakopera mabaiti pa adiresi iliyonse, m'malo mwake, n'kusakasaka ndi grep malo ena otere. Ndinawapeza asanu, awiri a uint16_t. Kenako ndinayesa pa kompyuta ndi -fsanitize=alignment, yomwe inagwira ena amodzi amene maso anga anawaphonya. Pano Pico yatha sabata ikuyenda pa batire osaimanso.