Kodi pulogalamu ya boma ikubweza ndalama? Werengani chonchi, tiyesere pa AIP

Boma likabweretsa pulogalamu kapena lamulo latsopano ambirife timathamangira kukangana za chipani, koma pali njira yomwe azachuma amaitcha cost-benefit analysis, mumangoika mbali imodzi zonse zomwe dziko likutaya, mbali inayo zomwe likupeza, zonse mmakwacha, kenako nkuona kolemera. Sizifuna digiri ayi, pepala ndi kakyuleta ya pafoni basi. Tiyesere pa feteleza wotsika mtengo poti aliyense amamudziwa.

Yambani ndi zotayika, ndipo musathere pa bajeti. AIP, pulogalamu ya boma ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, itayamba mu 2020 idapatsidwa ndalama pafupifupi K160 biliyoni, mlimi nkumalipira K4,495 pa thumba la makilo 50, zotsalazo boma. Pamwamba pake onjezani masiku omwe mlimi wataya pamzere ku depoti netiweki itavuta, tsiku lililonse liwerengeni pa mtengo wa ganyu wa kwanuko, onjezani ya kabaza yonyamulira matumba, ndiye musaiwale kuti feteleza timachita kuitanitsa kunja, ndiye kuti akudya madola omwewo amene mafuta ndi mankhwala a mzipatala akudikira.

Tsono phindu, apa ndi pomwe anthu ambiri amapusitsika. Musawerenge chimanga chonse chomwe dziko lakolola ngati kuti chabwera ndi sabuside, werengani chokhacho chowonjezera, chomwe pakanapanda pulogalamuyi sichikanapezeka. Tiyerekeze mlimi amakolola matumba 10 opanda feteleza, wathira wakolola 18, phindu la pulogalamu ndi matumba 8 osati 18. Ndiye pali wina uja amene akanagula yekha feteleza kusitolo ngakhale boma likanapanda kumuthandiza, ameneyo munda wake sunasinthe kanthu, boma langomulipirira bilu, ndipo ofufuza za FISP, pulogalamu ya makuponi ya nthawi ya Bingu, yomwe idayamba mu 2005, akhala akunena kuti gawo lina la feteleza wa makuponi limangolowa mmalo mwa yemwe anthu akanagula okha. Chimodzimodzi thumba lomwe lafika mochedwa chimanga chitamasula kale ngayaye, pabajeti lalembedwa lonse koma mmunda lagwira ntchito pang'ono.

Mukapeza manambala awiriwa, onse mmakwacha, chitani samu yogawa, phindu ÷ zotayika. Zikapitirira 1 ndiye kuti kwacha iliyonse ikubweza ndi kaphindu pamwamba, zikachepera tikuluza. Koma ine ndimati musaime pomwepo, funsani kuti ndalama yomweyo ikanapita ku ulimi wamthirira, alangizi kapena misewu ya kumidzi ikanabweza zingati, chifukwa pulogalamu itha kubweza 1.2 pomwe ina yomwe tayisiya ikanabweza 3. Ntchito ya Malawi Priorities, yomwe National Planning Commission, bungwe la boma lokonza mapulani a chitukuko, idachita limodzi ndi mabungwe ofufuza a AFIDEP ndi Copenhagen Consensus, inali yofananiza ndondomeko mwanjira imeneyi. Pofananiza kumbukirani nthawi, feteleza amathera chaka chomwecho pomwe sikimu yamthirira imabweza zaka zambiri, komabe kwacha yobwera patatha zaka khumi muichepetseko mphamvu, siyofanana ndi yomwe ili mmanja lero.

Kenako gwedezani manambala anuwo muone ngati aima. Bwerezani samuyo ndi chaka cha ng'amba ngati cha El Niño wa 2024, bwerezaninso kwacha itagwa ngati mmene idagwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kapena feteleza atakwera padziko lonse ngati nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, nyengo yomwe mlimi wa AIP adayamba kulipira K15,000 pa thumba. Pulogalamu yomwe imapindula pokhapokha mvula ikagwa bwino ndi kwacha itakhazikika, imeneyo muilembe kuti ndi ya chiopsezo.

Pali zina zovuta kuziika mtengo, monga mwana kugona atadya kapena nthaka kuguga chifukwa cholima chimanga chokhachokha, musazitaye, zilembeni pambali mmawu. Lembaninso amene akupindula ndi amene akulipira, chifukwa K10,000 kwa mayi wamasiye wa ku Nsanje siyofanana ndi K10,000 kwa wogulitsa feteleza mtauni. Manambala oyambira muwapeza mzikalata za bajeti za Unduna wa Zachuma, mziwerengero za zokolola zomwe Unduna wa Zaulimi umatulutsa chaka chilichonse, ndi malipoti a MVAC, komiti younika za njala mdziko muno, onena za anthu omwe akusowa chakudya.