Momwe mungaphikire mazira ngati mukungoyamba kumene: chepetsani moto, yang'anani wotchi

Dzira limapsa msanga kuposa momwe ambiri ophunzira kuphika amaganizira. Choyera chake chimayamba kugwirana chikatentha kufika madigiri 62 mpaka 65, pomwe chachikasu cha pakati chija chimalimba pakati pa madigiri 65 ndi 70. Madzi amawira pa madigiri 100, ndipo chiwaya chomwe chakhalitsa pamoto waukulu chimatha kupitirira 200. Choncho moto womwe anthu amasonkhezera mazira nthawi zambiri umakhala wopyola muyeso, n'chifukwa chake dzira limatuluka lolimba ngati mphira, lopserera m'mbali, mwinanso lonunkha kafungo kosasangalatsa. Mukadziwa kuchepetsa moto ndi kuphula nthawi yake, ndiye kuti mazira mwawatha.

Yambani mwaliona dziralo

Musanatereke kalikonse pamoto, thirani madzi ozizira m'kapu yaikulu n'kuikamo dzira. Likamira n'kugona chammbali, ndi latsopano. Likamira koma n'kuimirira, lakhalitsako ndithu koma n'lodyeka. Likayandama pamwamba, lakhalitsa kwambiri ndipo ndi bwino kungolitaya. Chimachitika n'chakuti chigoba chili ndi timabowo masauzande angapo tosaoneka ndi maso. Masiku akamapita, madzi a m'kati amauma pang'onopang'ono, mpweya n'kumalowa, ndiye kathumba ka mpweya komwe kamakhala kumbali yaikulu ya dzira kamakula mpaka kuliyandamitsa.

Zolowerani kuswera dzira lililonse m'kapu payokha musanalithire m'chiwaya kapena kuliphatikiza ndi anzake. Dzira limodzi losukusa limaononga mbale yonse, ndipo mphuno yanu idzakuuzani nthawi yomweyo. Poswa, menyetsani pamalo afulati monga patebulo, osati pamlomo wa poto, chifukwa mlomowo umakankhira tizigoba m'kati. Kachigoba kakagweramo, katoleni ndi chigoba chachikulu chomwe chili m'manja mwanucho. Ndi chala mungolimbana nako kakuthawani.

Pali tinthu tiwiri tomwe timadetsa nkhawa oyamba kumene pachabe. Kadontho ka magazi pachikasu si chizindikiro choti dzira laonongeka, mutha kukachotsa ndi nsonga ya supuni. Timizere toyera topotana tija ndi tomwe timagwira chikasu kuti chikhale pakati, ndipo timaoneka bwino m'dzira latsopano. Za mtundu wa chigoba musavutike nazo: choyera kapena chofiirira zimatengera mtundu wa nkhuku, zam'kati n'zimodzimodzi.

Kuwiritsa

Apa ndi poyambira pabwino chifukwa zonse zimayendera wotchi. Thirani madzi m'poto okwanira kumiza mazira n'kupitirira ndi masentimita awiri kapena atatu. Terekani, mudikire madziwo awire kaye mazira asanalowe. Akawira, chepetsani moto kuti azingobwata mofatsa, kenaka tsitsiranimo mazira limodzilimodzi ndi supuni, osawaponya. Yambani kuwerenga nthawi pomwepo, ndipo gwiritsani ntchito wotchi kapena alamu ya pafoni, musadalire mutu.

Pa dzira lalikulu, mphindi 6 zimapereka choyera cholimba ndi chikasu chamadzimadzi. Mphindi 8 chikasu chimakhala chofewa, chonata pang'ono koma chosayenderera. Mphindi 10 mpaka 12 dzira lapsa lonse. Ngati mazirawo achokera m'firiji, onjezerani mphindi imodzi. Amene amakhala malo okwera kwambiri a kumapiri awonjezerenso pang'ono, poti kumeneko madzi amawira asanafike madigiri 100.

Ena amaika mazira m'madzi ozizira n'kuterekera pamodzi. Amapsa ndithu, koma ine sindilangiza woyamba kumene kutero pa zifukwa ziwiri. Choyamba, simudziwa nthawi yoyambira kuwerenga, popeza moto ndi mapoto zimasiyana. Chachiwiri, dzira lotenthedwa pang'onopang'ono chotero limakakamira kukhungu lopyapyala la pansi pa chigoba, ndipo posenda mumachotsa ndi mnofu womwe.

Nthawi ikakwana, vuulani mazira n'kuwaika m'madzi ozizira kwa mphindi zosachepera zisanu. Apa ambiri amadumpha, chonsecho dzira lotentha limapitiriza kupsa ngakhale lili kunja kwa poto. Mzere wobiriwira motuwa womwe umazungulira chikasu umabwera chifukwa cha kupsa mopitirira: sulufule wa m'choyera amakumana ndi ayironi wa m'chikasu. Si woopsa kudya, koma ndi umboni woti dzira linakhalitsa pamoto, ndipo chikasu chake chimakhala chouma, chotsamwitsa.

Posenda, gogodani kumbali yaikulu komwe kuli kathumba ka mpweya kaja, ligubuduzeni patebulo ndi chikhatho kuti chigoba ching'aluke ponseponse, kenaka lowetsani chala pansi pa kakhungu kopyapyala kaja. Kusendera m'madzi kumathandiza. Dzira loikiridwa dzulo kapena dzana limavuta kusenda ngakhale mutachita zonse bwino, choncho owiritsa sankhani omwe atha sabata. Likang'aluka lili m'poto n'kuyamba kutulutsa zoyera, musalitaye. Mchere kapena viniga pang'ono m'madzimo amathandiza choyeracho kugwirana msanga n'kutseka mng'aluwo.

Mukasokoneza owiritsa ndi aawisi, lizungulitseni dzira patebulo. Lowiritsa limazungulira mwachangu, laliwisi limadzandira.

Kukazinga

Terekani chiwaya pamoto wapakatikati, chitenthe kwa mphindi imodzi kapena ziwiri, kenaka thirani supuni imodzi ya mafuta ophikira kapena batala. Mafuta akamayenderera mosavuta mukapendeketsa chiwaya, ndiye kuti akonzeka. Akayamba kufuka utsi, mwapyola: chotsani chiwaya pamoto chizizireko. Batala amakuuzani yekha, thovu lake likayamba kuchepa thirani dzira. Akada, wapserera ndipo adzawawitsa dziralo.

Tengani kapu yanu ija, muitsitse pafupi ndi chiwaya, dzira litsetserekeremo. Kuligwetsa kuchokera pamwamba kumaphulitsa chikasu ndiponso kumakuthovolerani mafuta. Mvetserani kulira kwake. Likamalira motsitsa, zili bwino. Likamathetheka n'kumalumphitsa mafuta, choyera n'kumatupa matuza, chepetsani moto. Wazani kamchere, ndipo musaligwiregwire.

Vuto la dzira lokazinga n'lakuti pansi pamapsa pamwamba pakadali paliwisi. Njira yosavuta ndi kuthira supuni imodzi ya madzi pambali pa dziralo n'kuvundikira. Nthunzi imapsetsa pamwamba m'mphindi ziwiri kapena zitatu, osafunikanso kutembenuza. Mukafuna kutembenuza, dikirani choyera chonse chilimbe, lowetsani chotembenuzira chopyapyala mpaka pansi pa chikasu, mutembenuze chapansipansi. Masekondi 20 mpaka 30 akwana ngati mukufuna chikasu chofewa, mphindi imodzi kapena kuposerapo ngati mukufuna cholimba. Dzira likamakana kumatuka, nthawi zambiri ndiye kuti silinakonzeke. Lipatseni masekondi angapo, lidzamasuka lokha. Alipo okonda m'mbali mofiira mokhukhutika, ndipo si kulakwa: amenewo awonjezere mafuta ndi moto, azitunga mafuta otenthawo ndi supuni n'kumathira pachoyera. Koma yambani mwaphunzira la moto wochepa.

Mazira ovundula

Awa ndiye amaonetsa ngati munthu wadziwa kulamula moto. Swerani mazira awiri kapena atatu m'mbale, thirani kamchere, mumenye ndi foloko kwa masekondi pafupifupi 30 mpaka choyera ndi chikasu zisakanikirane, osaonekanso mizere. Mkaka si wofunikira. Mukaufuna, supuni imodzi pa mazira awiri yakwana, wochuluka umangowasukulutsa.

Sungunulani batala kapena tenthetsani mafuta pamoto wochepa, muthire mazirawo. Dikirani masekondi 15 mpaka 20 kuti m'mbali muyambe kugwirana. Kenaka ndi mthiko kankhani kuchokera m'mbali kupita pakati, mofatsa, amadzimadziwo aziyenderera kukadzaza pomwe mwakankhapo. Pitirizani choncho. Mukaona kuti akugwirana mothamanga kuposa dzanja lanu, nyamulani chiwaya muchichotse pamoto, muvundule, n'kuchibwezeranso.

Phulani akadali onyezimira, akuoneka ngati atsala pang'ono kupsa, ndipo pakulirani m'mbale nthawi yomweyo. Kutentha komwe ali nako kumalizitsa ntchito. Mukadikira kuti aoneke ouma ali m'chiwaya, pofika patebulo adzakhala atapitirira. Timadzi tomwe nthawi zina timadikha m'mbale pansi pa mazira timachokera pomwepa: gawo lalikulu la dzira ndi madzi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, ndipo mapuloteni akapsa kwambiri amakhwinyata n'kufinya madziwo.

Ngati mukuikamo anyezi ndi tomato, kazingani zimenezo kaye mpaka anyezi afewe, madzi a tomato aphwe, kenaka chepetsani moto n'kuthira mazira. Mukathira zonse pamodzi mudzadya anyezi wosapsa m'mazira amadzi. Omeleti ndi mazira omwewa, kungoti mumasiya kuvundula akagwirana pansi, n'kuwapinda pakati.

Zoti musamale

Mazira ena amakhala ndi tizilombo ta Salmonella tomwe timatsegula m'mimba ndi kutenthetsa thupi. Ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi odwala apatseni mazira opsa mpaka choyera ndi chikasu zonse zitalimba; ovundula asakhale ndi mbali yamadzimadzi. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira mazira aawisi, ndipo omwe mwawapeza ali ong'aluka kale musawagwiritse ntchito. Musatsuke mazira kuti muwasunge, chifukwa madzi amachotsa kakhungu kosaoneka komwe kamatseka timabowo tija. Lakuda litsukeni pomwe mukufuna kuliphika. Mazira ophika asakhale pamtunda kupitirira maola awiri, pomwe owiritsa osungidwa m'firiji amatha sabata imodzi. Dzira lathunthu la m'chigoba musaliike mu microwave, limaphulika.

Potsuka, mbale ndi foloko zomwe munamenyera mazira aawisi muyambe mwazitsukuluza ndi madzi ozizira. Madzi otentha amapsetsa zotsalirazo n'kuzimatiriza, ndiye mumayamba kukwecha. Chiwaya chisiyeni chizizire kaye, muchinyike kwa mphindi zingapo, kenaka mutsuke ndi sopo.