Mahinjesi a pa boti asakhale a chitseko cha kunyumba

Asodzi ndi amisiri okhoma maboti, kuyambira ku Makanjira, Msaka, Senga Bay, Nkhotakota mpaka ku Kachulu, lero tikambirane za kachitsulo kamene ambiri timakapeputsa: mahinjesi a chivundikiro cha bokosi la nsomba, bokosi la batire ya magetsi okopera usipa, ndi kachitseko kosungirako zipangizo za injini.

Kawirikawiri mmisiri akamaliza boti amangothamangira ku hadiweya n'kugula mahinjesi omwe aja timaika pa zitseko za nyumba, poti ndi otchipa. Amenewa ndi a chitsulo wamba, angopakidwa utoto kapena kuwalitsidwa pamwamba. Dzimbiri limayambira m'kati, pa kamsomali kamene hinjesi imazungulirapo, pomwe maso saona. Kamsomaliko kakatupa hinjesi imauma, ndipo mukamakakamiza kutsegula, mphamvu yonse imathera pa masikuluwu amene agwira thabwa lonyowa kale. Tsiku la mwera chivundikiro chimangofwamphuka, madzi n'kulowa ku batire muli pakati pa nyanja usiku, kapena ayezi n'kusungunuka chambo chisanafike pa msika.

Gulani a stainless steel, chitsulo chosagwira dzimbiri msanga. Alipo a mitundu iwiri imene mungaipeze, 304 ndi 316, ndipo nambalayi imalembedwa pa paketi kapena pa chitsulo penipenipo. Pa mitu ya mabawuti pamalembedwa A2, yofanana ndi 304, kapena A4, yofanana ndi 316. Kusiyana kwake n'kwakuti mu 316 anasakanizamo molybdenum, mtundu wina wa chitsulo, wokwana 2 mpaka 3 peresenti, ndipo ndi ameneyu amachititsa kuti chitsulo chisabooke ndi mchere. Madzi a nyanja ya Malawi ndi Malombe alibe mchere wodetsa nkhawa, choncho 304 akukwanirani, musawononge ndalama. A ku Chilwa nkhani yanu ndi ina. Nyanja yanu ilibe mtsinje wotulutsa madzi, mchere umangounjikana, makamaka madzi akaphwera monga zinachitikira mu 1995 ndi 2018. Inu funani 316. Chimodzimodzinso bokosi lililonse lothiramo nsomba zamchere.

Kuwala kwa chitsulo kusakupusitseni. Popita kogula, tengani maginito a m'sipika ya wailesi yakufa. Akamata zolimba, siyani, chimenecho si 304 kapena 316. Pa 304 kapena 316 weniweni maginito sagwira, kapena amangokoka pang'ono pamene chitsulo chinapindidwa.

Pamene ambiri amalakwitsa kwambiri ndi apa: agula hinjesi yabwino, koma n'kuimanga ndi masikuluwu wamba otsala pokhoma zenera. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pamalo onyowa, chofookacho chimadyeka msanga kuposa chikanakhala chokha. Hinjesi imatsala ili phuliphuli pamene masikuluwu asanduka ufa wofiira ndipo thabwa lada mozungulira bowo. Ndiye hinjesi ndi zomangira zake zikhale za mtundu umodzi. Ngati bokosi lanu ndi la aluminiyamu, musaikepo hinjesi ya buraasi, imadya bokosilo. Ngakhale ya stainless, dulani kapulasitiki ka chigubu muike pakati kuti zisakhudzane.

Ine ndimalangiza mabawuti obowola thabwa mpaka kuseri, okhala ndi washala wotambalala ndi nati, m'malo mwa masikuluwu. Thabwa la boti limatupa likanyowa, n'kufota likauma pa dzuwa, ndipo sikuluwu sichedwa kugwedera. Musanalowetse bawuti, thirani penti m'bowo kuti madzi asakhaziketsemo. Mangiraninso kachingwe kafupi pakati pa chivundikiro ndi bokosi kuti chikatseguka ndi mphepo chisagwere kumbuyo n'kupotokola hinjesi. Kachingweka n'kopanda mtengo, koma ndimakaona pa maboti owerengeka.

Bokosi la batire libooleni timabowo ta mpweya cham'mwamba m'mbali, chifukwa nthunzi ya asidi imadya chitsulo chilichonse, ngakhale 316.

Mukakocheza, tsukani mahinjesi kuchotsa mchenga, mamba ndi magazi a nsomba, kenako mudonthezepo girizi pang'ono pa kamsomali. Mu Novembala ndi Disembala, pamene makoka ambiri amaletsedwa pa nyanja ya Malawi kuti chambo chiswane, masulani bawuti imodzi pa hinjesi iliyonse muione. Ikakhala yachepa pakati kapena thabwa lafewa pabowo, sinthani zonse ndipo mubowole malo atsopano.