Wotuluka m'chipatala atamwa mankhwala a mbewu sanachire ayi

Nyengo ino yogulitsa mbewu, pamene eni ngongole za feteleza ndi a banki m'khonde akugogoda m'makomo, tamva za anthu angapo amene anamwa mankhwala a mbewu pofuna kudzipha koma anapulumuka. Chimene chikulakwika n'chimodzi: munthu akangotsegula maso ndi kumwa phala, achibale amati zatha. Ena amaumiriza adokotala kuti amutulutse msanga poopa manyazi ndi apolisi, ena chifukwa kumunda kwatsala ntchito.

Mankhwala ambiri opopera fodya, thonje ndi tomato sachoka m'thupi tsiku limodzi. Wodwala amatha kuoneka bwino lero, kenaka pakati pa tsiku loyamba ndi lachinayi minofu n'kufooka mwadzidzidzi. Amalephera kudzutsa mutu pamphasa, zikope zimagwa, malovu amamutsamwa, mpweya umachepa. Ali m'wodi anamwino amaziona msanga. Ali kumudzi usiku, galimoto kulibe, mumutaya munthu amene anali atapulumuka kale. Ndiye kumutulutsa mokakamiza phindu lake n'chiyani?

Patapita masabata awiri kapena atatu, ena amayamba dzanzi m'mapazi, miyendo kulemera, phazi kukhwekhwereza poyenda. Apa mpamene anthu amathamangira kwa sing'anga ati wina wamutchera. Si ufiti, ndi mitsempha imene mankhwala aja anaipweteka, ndipo imafuna kupimidwa ndi mafizo. Kukhosi kukamapweteka chifukwa cha paipi yopumira imene anamuika kuchipatala, phala lamadzimadzi kwa masiku ochepa limakwana. Kachasu ndiye ayi, ngakhale kapu imodzi yoti "aiwale mavuto".

Koma choopsa kwambiri chili mumtima. Miyezi itatu yoyamba, makamaka masabata oyambirira, ndi pamene ambiri amayesanso. Ngongole ija ikadalipo, banja lija likadagwedezeka, ndipo tsopano pawonjezeka manyazi. Ena amakwiya kuti anawapulumutsiranji, ena tulo sabwera. Ife m'malo momuteteza timamuikira bwalo.

Mayi wina, mkazi wa mlimi wa fodya, anafotokoza pamsonkhano wa kalabu kuti mwamuna wake atangofika kunyumba, amalume a mwamunayo anamukhazika pansi pa mtengo wa mango kuyambira m'mawa mpaka dzuwa paliwombo. Anamuwerengera ndalama za kabaza, za chakudya cha odikirira, mbuzi imene anagulitsa, kenaka n'kumuuza apepese mtundu. Nthawi yonseyi botolo lina la mankhwala linali pomwe limakhala, pamwamba pa khoma kuseri kwa chitseko. Amene anakalichotsa ndi mwana wawo wamkazi, akuluakulu onse aja osaliganizira n'komwe.

Khalidwe limeneli tilisiye. Kunena kuti mwamuna salira, kumutchula kuti "uja wa mankhwala", kumuletsa kudya ndi anzake, kumuitanira mapemphero usiku wonse koma tsiku lobwerera kuchipatala osalisunga, zonsezi zimamuuza kuti akanafa zikanakhala bwino. Pempherani, inde, koma buku lake lakuchipatala lisaiwalike m'chikwama. Ndipo zoti kumufunsa za kudzipha ndi kumukumbutsa, n'zabodza. Mufunseni poyera muli awiri: "Kodi maganizo odzipha aja akubwerabe?" Akayankha kuti eya, musadzidzimuke, musalalikire. Khalani naye ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Zochita n'zodziwika. Asanafike pakhomo, mankhwala onse a mbewu, a m'nkhokwe ndi a makoswe achoke, akatsekeredwe kwina, kiyi asunge munthu wina. Mapiritsi akuchipatala asunge wachibale mmodzi, azimupatsa a tsiku limenelo okha. Masabata oyamba asagone yekha. Abwerere kuchipatala sabata isanathe ngakhale akuoneka bwino, ndipo mufunse namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo pachipatala cha boma lanu. Zikakula alipo a Zomba Mental Hospital ndi a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ana ndi achinyamata angathenso kuimba 116 mwaulere. Mankhwala a matenda okhumudwa amatenga masabata awiri mpaka anayi kuti ayambe kumveka m'thupi, asawasiye pa tsiku lachisanu ati sakugwira. Za ngongole, wachibale mmodzi akakambirane ndi eni ake zobweza pang'onopang'ono, asamabwere kudzakalipa pakhomo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu adziwitsidwe kuti azidzamuona.

Inu amene munapulumuka, sankhani anthu awiri amene mungawadzutse ngakhale pakati pa usiku, muwauze lero lomwe. Zikachitikanso, apakhomo musamumwetse mkaka, mafuta kapena madzi amchere, musamusanzitse. Muvuleni zovala zimene zanyowa ndi mankhwala, mugonekeni chammbali, tengani botolo lija ndipo thamangirani kuchipatala.