Khungu la khanda: madzi, matewera ndi simbi

Ndikamayendera amayi ongochira kumene ku Mbare, Mabvuku ndi Epworth, madera a kuno ku Harare, ndimapeza mbale yodzaza ndi sopo wonunkhira, paudala ndi mabotolo a mafuta omwe achibale abweretsa podzaona mwana. Mphatsozo nzachikondi, koma zambiri mwa izo zidikire kaye. Khungu la khanda ndi lopyapyala kuposa lathu, limauma msanga ndipo limayamwa zomwe mwalipaka.

Mwana akangobadwa musathamangire kumusambitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kudikira maola 24. Zoyera ngati mafuta zomwe amabadwa nazo zija si litsiro ayi, zimateteza khungu komanso kusunga kutentha. Pambuyo pake kumusambitsa thupi lonse kawiri kapena katatu pa sabata nkokwanira, makamaka m'June ndi July pomwe Harare imazizira kwambiri. Masiku enawo mupukuteni ndi kansalu konyowa kumaso, m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, poti mkaka ndi thukuta zimabisala m'makwinya amenewo.

Madzi ndi nkhani yaikulu kuno. Pampopi akauma timatunga pamjigo kapena pachitsime, ndiye madzi osambitsira khanda yambani mwawiritsa, muwasiye azizire, kenako muwayese ndi chigongono. Akhale ofunda chabe.

Mchombo usiyeni wouma, thewera mulipinde pansi pake kuti upitidwe mphepo. Umagwa wokha pakatha sabata imodzi kapena ziwiri. Ndikudziwa kuti agogo athu ali ndi zawo za m'chikuta, ndipo ndimawalemekeza, koma phulusa, mwaye ndi zitsamba pamchombo ndi njira yomwe kafumbata amalowera. Pakanipo zokhazo zomwe anamwino akupatsani.

Pa matewera ndiye pomwe ana ambiri amavutikira. Thewera likanyowa musinthe pomwepo, mutsuke matako ndi madzi, muumitse mongogunditsa kansalu osati mokhula, ndipo mupake Vaseline pang'ono. Masana kukafunda, mugonekeni pa chitenje wopanda thewera kwa mphindi zingapo. Paudala iwalani, chifukwa fumbi lake limalowa m'mapapo. Matewera ansalu muwatsukuluze mpaka thovu litheretu, popeza sopo wotsalira ndiye amaotcha khungu. Ndipo muwasite! Nyengo ya mvula ntchentche ina imaikira mazira pa zovala zonyowa, makamaka zoyanikidwa pamthunzi kapena paudzu. Ndinaona khanda la masabata atatu lili ndi tizotupa tinayi kumsana, kalikonse kali ndi kabowo pakati, mkatimo muli mphutsi. Amayi ake ankaganiza kuti ndi zithupsa. Magetsi akathima, simbi yamakala imagwira ntchito yomweyo, bola musite mbali zonse mpaka m'misoko.

Kukatentha m'October musamukulunge m'mabulangete atatu. Timatuza ta thukuta timatha tokha mukamuvula zina. Kusupuka khungu m'manja ndi m'mapazi masabata oyamba, komanso timadontho toyera pamphuno, si matenda. Musatifinye.

Thamangirani ku kiliniki tsiku lomwelo mukaona mchombo wafiira kuzungulira, ukununkha kapena ukutuluka mafinya, matuza okhala ndi mafinya, maso kapena zikhatho zachikasu, thupi lotentha kapena lozizira kwambiri, kapenanso mwana akakana bere. Mafuta a zidzolo omwe amagulitsidwa pamsika musamupake ngakhale kamodzi, chifukwa ena ali ndi mankhwala amphamvu omwe amapyapyalitsa khungu. Popita kusikelo nyamulani botolo lililonse lomwe mwakhala mukumudzoza, anamwino aliwerenge.