Mmene mungakonzere mix ya 5.1 ya mu sinema kuti imveke bwino pa masipika a kunyumba

Mix ya 5.1 (mawu a filimu osakanizidwa pa matchanelo asanu ndi imodzi ya bass) yopangira holo ya sinema mukangoitenga mmene ililimo nkuiponya pa Blu-ray kapena pa intaneti, masipika akumbuyo aja amasokosa kuposa mmene munafunira, mvula ndi mphepo mpaka kumaphimba mawu a anthu akulankhula. Sikuti makutu anu avuta ayi, holo ya sinema ndi kunyumba amatchuna masipika mosiyana.

Mu sinema amaliza pink noise (phokoso la shii lotchunira masipika) ya -20 dBFS (mulingo wa mawu mu fayilo) pa tchanelo chimodzichimodzi, fader (chokwezera voliyumu) ya Dolby ili pa 7, ndipo sipika yakumanzere, yapakati ndi yakumanja iliyonse ipereke 85 dB. Koma ma surround, masipika akumbuyo awiri aja, amawasiya pa 82 dB iliyonse. Zinachokera kale izi, nthawi ya Dolby Stereo surround inali imodzi yokha ya 85, nde ataigawa pawiri anachotsa 3 dB mbali iliyonse kuti zikalira limodzi zibwerere pa 85 pomwe paja. Kunyumba kulibe zimenezo, masipika onse asanu amakhala mulingo umodzi. Nde 3 dB imeneyi ndi yomwe tikulimbana nayo.

Yambani ndi kuona ndondomeko ya matchanelo. Mafayilo ambiri amayenda L, R, C, LFE, Ls, Rs (kumanzere, kumanja, pakati, tchanelo cha bass, surround yakumanzere, surround yakumanja) koma pulogalamu ya Pro Tools imakonda L, C, R, Ls, Rs, LFE, mukapanda kusamala mupeza mawu a anthu akutulukira kumanja.

Kenako tchunani chipinda chanu ngati cha kunyumba. Tengani mita yoyezera phokoso, ikani pa muyezo wa C (C-weighting) ndi slow, igwireni pamalo pomwe pamakhala mutu wanu mukakhala pampando. Lizani pink noise ija sipika imodziimodzi, zonse zisanu zifike nambala imodzi. M'chipinda chaching'ono 79 dB ndi yomwe ambiri amagwiritsa ntchito, 85 masipika ali pafupi chonchi imangolasa m'makutu. Osatchuna ndi khutu chonde, khutu limanama makamaka mukatopa.

Tsopano tsitsani Ls ndi Rs ndi 3 dB mu mix momwemo, osati pa amplifaya. Koma musanatsitse mufunse kaye amene wakupatsani mafayilo ngati sanachotse kale, chifukwa mukachotsa kawiri ikhala 6 dB, kumbuyo kungoti zii. Mukamasintha mix ya kunyumba kuti ipite ku sinema nde mutembenuze, onjezerani 3 dB yomweyo.

LFE isiyeni. Tchanelo chimenechi chimawonjezeredwa 10 dB pochiliza, ku sinema ndi kunyumba komwe, nde musachikweze nokha mu fayilo poganiza kuti chachepa. Chofunika kuyang'ana ndi china, kunyumba subwoofer (sipika ya bass) imalandiranso bass yochokera ku masipika ang'onoang'ono aja, nthawi zambiri kuyambira 80 Hz kutsika, zikaphatikizana ndi LFE zimatha kugunda mopitirira. Mverani pomwe pali mabomba ndi mabingu.

Apa pokha mita siingakuthandizeni, ndi pomvera. Holo ya sinema imatchunidwa ndi X-curve, pomwe mawu osongoka amatsika 3 dB pa octave iliyonse (frequency ikawirikiza kawiri) kupitirira 2 kHz, nde mix yomweyo pa masipika apafupi imatha kumveka yobaya, ma "s" onse akulasa. Chepetsani pang'ono pokhapokha pomwe zavuta. Komanso munthu kunyumba saonera pa voliyumu ya mu holo, pali fani ikulira, ana agona chipinda chinacho, nde zonong'ona zimasowa ndipo mfuti ikalira amathamangira rimoti. Kwezani mawu onong'onawo, tsitsani zophulika, makamaka ndi dzanja pa fader gawo ndi gawo. Kungoponya compressor (chida chopanikiza mawu okwera) pa mix yonse ine ndimaona ngati ulesi, filimu imatha mphamvu.

Mukatero yezani loudness, kukula kwa mawu komwe amayeza mu LKFS kapena LUFS, molingana ndi komwe mix ikupita. Netflix imafuna -27 LKFS poyeza mawu olankhula, true peak (nsonga yokwera kwambiri ya mawu) isadutse -2 dB, ma TV a ku Ulaya amatsata EBU R128 ya -23 LUFS pomwe ku America ndi ATSC A/85 ya -24 LKFS.

Pomaliza mverani mix yonse pa stereo, pa TV wamba ngakhale pa mahedifoni, poti ambiri adzaonera pamenepo. Pa stereo LFE nthawi zambiri imatayidwa, nde ngati kugunda kwa chitseko kapena injini munakusiya mu LFE mokha, bwererani mukaikeko kena ku L ndi R.