Momwe mungalembere ndemanga za ioremap ndi kubweza zinthu mu driver ya Linux

Driver ya Linux ikamayamba ntchito imabwereka zinthu: dera la ma register (timalo ta memory tolamulira chipangizo) limene imalitsegula ndi ioremap(), IRQ (njira imene chipangizo chimaitanira CPU ndi interrupt), ndi clock yoyendetsa chipangizocho. Ndemanga (comments) zanu za mu code ziuze amene adzagwire code yanu mawa kuti chilichonse mwa zimenezi chimabwezedwa ndi ndani, nthawi yanji, ndipo choyamba kubwezedwa ndi chiti.

Yambani ndi kutsegula probe(), function imene kernel imaitana ikapeza chipangizo cha driver yanu, n'kulemba papepala chilichonse chimene yatenga, motsatana. Kenako pamwamba pa function iliyonse ikani ndemanga ya kernel-doc, kalembedwe ka ndemanga ka mu kernel, ija yoyamba ndi /**. Pa gawo la Context: nenani ngati function ingagone (sleep), kutanthauza kuima kaye n'kudikira. Pa Return: musalembe mwachidule. ioremap() ikalephera imabweza NULL, pamene devm_ioremap_resource() imabweza ERR_PTR, pointer yonyamula nambala ya vuto, ndiye munthu akayang'ana NULL pa yachiwiriyi sadzaona kuti yalephera. Pointer ya ma register ikhale ndi __iomem, ndipo mulembe kuti imafikidwa ndi ma function monga readl() ndi writel() basi.

Tsopano pamene pamafunika mtima. Ma function oyamba ndi devm_ ndi a devres, imene Tejun Heo anailowetsa mu kernel mu 2007. Devres imabweza zinthu yokha, kuyambira chomaliza kutengedwa kubwerera kumbuyo, koma imachita zimenezi remove(), function yochotsa driver pa chipangizo, itatha kale. Driver ina imene ndinaitenga kwa anzanga inkazimitsa clock pamanja mkati mwa remove(), pamene IRQ inatengedwa ndi devm_request_irq(). Pakati pa ziwirizi pali kamphindi pamene clock yazima koma IRQ ikadali yamoyo. Interrupt ikabwera pamenepo, handler, function yoyankha interrupt, imawerenga register ya chipangizo chopanda clock, bolodi ya ARM n'kuuma gwa, osasiya ngakhale mzere umodzi pa sikirini. Zinkachitika mwa apo ndi apo, ndipo mu code munalibe ndemanga yonena kuti dongosolo la kubweza ndi lofunika.

Mankhwala ake ndi kusasakaniza. Tengani clock ndi devm_clk_get_enabled() musanapemphe IRQ, kapena lembetsani kuzimitsako ndi devm_add_action_or_reset(), nakonso musanapemphe IRQ. Mukatero lembani ndemanga pomwepo, yonena kuti clock ikutengedwa IRQ isanapemphedwe n'cholinga choti idzazime IRQ itachotsedwa. Mizere iwiri yokha ikwana, ndipo ine ndimaiona yamtengo kuposa ndemanga zina zonse za mu fayilo. Lembaninso poyera kuti chimene chatsegulidwa ndi devm_ioremap_resource() sichifunika iounmap(), chifukwa wina akadzaiwonjezera mwaufulu, dera lomwelo lidzabwezedwa kawiri.

Pa ntchito imeneyi musaumire ndalama pa chingwe cha USB kupita ku serial, chimene mumawerengera mauthenga a kernel ochokera ku bolodi. Zotchipa zambiri za pa intaneti zili ndi chip yachinyengo, ndipo zingathe kudula uthenga pamene mukuufuna kwambiri. Ogulitsa mabolodi ena amatumizanso datasheet ya mtundu wakale, choncho ma address a mu ndemanga muwatsimikize ndi device tree, fayilo yofotokozera kernel zipangizo za pa bolodi.

Zotsalazo n'zachangu. Muli root, onani /proc/iomem ndi /proc/vmallocinfo musanalowetse driver ndi insmod, mutailowetsa, komanso mutaichotsa ndi rmmod. Pambuyo pa rmmod mzere wa driver yanu uyenera kusowa. Bwerezani ndi unbind ya mu /sys, imene imalekanitsa driver ndi chipangizo. Thamangitsani make C=1 kuti sparse, pulogalamu yofufuza zolakwika mu code, igwire za __iomem, make W=1 ione ndemanga za kernel-doc, ndipo ngati mwakhudza Documentation/, make htmldocs.